Chaka Chimene Achimwene Anagula Galimoto Yofiira

Injini ya boti ya malemu abambo inkagona m'nyumba mwanga, kuseri kwa chitseko, itakulungidwa m'chitenje chakale cha amayi. Abambo anachita dala kuisiya m'manja mwanga. Boti ndi maukonde anasiyira achimwene, mwana wawo wamwamuna yekhayo, koma injini anati izikhala kwa ine, achimwenewo aziitenga m'mawa n'kuibweza madzulo ngati khasu lobwereka. Anthu ankaseka dongosolo limeneli, koma abambo ankamudziwa mwana wawo.

Ntchito ya banja lathu inali kuolotsa anthu kuchoka padoko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Tinkanyamula ageni, aphunzitsi, odwala, matumba a chimanga, njinga, ngakhale mbuzi zomanga miyendo. Botilo linkatidyetsa tonse: amayi, ine ndi ana anga, ndi achimwene omwe, amene mwa mwambo wathu ndiwo mwini mbumba, woyenera kuyang'anira mlongo wake ndi ana a mlongo wakeyo. Ine ndinali ndi kageni ka matemba ndi mpunga, koma kanali ka sopo ndi mchere chabe. Chakudya chenicheni chinkachokera ku injini ija. Inali ndi kaliridwe kakekake. Ikangoyamba kuyenda inkatsokomola, n'kukhala ngati yazima, kenako n'kudzuka mwaukali. Ndili kumunda ndinkadziwa kuti boti lathu lanyamuka.

Nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe loipa, imachoka. Abambo anaiona ikuphwa, n'kuionanso ikubwerera, ndipo ankatiuza za anzawo amene anataya mtima n'kugulitsa zonse, madzi atabwera n'kukhala aganyu pa maboti a anthu ena. Ankati boti ndi matabwa, mmisiri akhoza kukhoma lina, koma injini munthu wosauka amagula kamodzi moyo wake wonse. Ichi n'chifukwa chake inkagona kwa ine.

Chaka chimene nyanja inaphwa komaliza, abambo anali atatisiya kale. Poyamba amuna anakumba ngalande yokankhiramo maboti. Kenako ngalandeyo inasanduka matope onunkha nsomba zakufa, ndipo matopewo anauma n'kung'aluka. Anthu anayamba kupita ku Chisi wapansi, ena panjinga zakapalasa, ena pa kabaza wa njinga zamoto. Tsiku lina lole ya chimanga inawoloka pamene kale tinkaopa kugwa m'madzi, fumbi lili kobo m'mbuyo mwake. Achimwene anaima padoko n'kumaiyang'ana mpaka inazimiririka. Madzulo ake anabwera kwanga.

"Chemwali, anthu sanasiye kupita ku Chisi," anatero. "Chachoka ndi madzi basi. Ife ndife oolotsa anthu, ndiye tiziwaolotsabe. Tigulitse boti lisanang'ambike ndi dzuwali, tigule kapikapu."

Kunena zoona, maganizowo sanali opusa. Botilo linali litayamba kale kuyasama m'mbali. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti injini ilibe nawo gawo pa nkhaniyi. Iwo analumbira kuti saikhudza. Boti linagulidwa ndi mkulu wina wa golosale padokopo, munthu wosalankhulalankhula, amene chaka chimenecho ankagula maboti a anthu pamtengo wozizira n'kumawaunjika pansi pa chisakasa cha bango. Tinkamuseka kuti akusonkhanitsa nkhuni.

Achimwene anapita ku Limbe kukagula kapikapu. Atabwerera, phokoso ndi limene linayamba kufika. Ana a mudzi wonse anathamangira kumsewu, ine ndinatuluka ndi lichero m'manja. Chimene chinaima pakhomo pa amayi chinali chinthu chofiira, chonyezimira, chachifupi kundifika m'chiuno, mimba yake ili pafupi kukhudza pansi. Zitseko zinali ziwiri zokha. Paipi ya utsi inali itamangidwa kale ndi waya, chifukwa msewu wochokera ku Zomba unali utaipatsa moni. Achimwene anatulukamo chokwawa, akumwetulira ngati apambana mayeso.

"Kapikapu kali kuti?" ndinafunsa.

"Usayambe, chemwali. Mtengo wake utaumva ukhala pansi. Mwini wake akupita kunja, amangoitaya. Iyi ndi galimoto ya mpikisano, ku Chisi tizifika munthu asanamalize kulonjera."

"Nanga matumba a chimanga tiziika pati?"

Anatsegula kumbuyo kuti andionetse. Munali malo oti dengu limodzi la matemba likanalowa mochita kulipinda. Mipando yakumbuyo inali ya anthu opanda miyendo. Ndinapsa mtima, ndipo ndinawauza pamaso pa ana kuti atumidwa kukagula ng'ombe yolima n'kubwera ndi nkhanga. Sindinafunse chifukwa chake anthu onse a ku Limbe, odziwa magalimoto, anaisiya mpaka kudikira munthu wa ku Kachulu. Yankho lake linabwera lokha pambuyo pake.

Koma ndisaname, panali tsiku limodzi labwino. Achimwene anatitenga ine ndi amayi kuti tikaone. Amayi anakhala kutsogolo, ine ndinadzipinda kumbuyo, mawondo ali pachibwano. Kuchoka pakhomo kukafika padoko inkayenda ngati munthu wa minga kuphazi, ikukhula pansi paliponse. Itangotsikira pansi pa nyanja youmayo, pamene mawilo a malole anali atasalaza, inasintha. Inabangula, msana wanga n'kumatirira kumpando, phiri la Chisi n'kumabwera lokha kudzatichingamira. Amayi, amene chimwalirire abambo anali asanasekepo, anagwira duku lawo n'kuseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, ngakhale ndinayesetsa kubisa. M'boma lonse la Zomba galimoto imeneyo inali ndi msewu umodzi wokha woiyenera, ndipo msewuwo unali pansi pa nyanja yathu.

Kudya kwake kunayamba sabata yomweyo. Matayala ake anali otambalala koma opyapyala ngati lamba, ndipo pansi pa nyanja panali podzaza zikhomo zakale za asodzi zimene zinatsalira m'dothi. Tayala loyamba litang'ambika tinapeza kuti saizi yake mu Zomba monse mulibe, mpaka kuitanitsa ku Blantyre. Petulo inkamwa ngati ili ndi ukwati m'mimba. Wa m'mabotolo amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu inkamukana, ikangomulawa n'kuyamba kunjenjemera. Inkafuna wa pampope wa m'tauni, ndipo ulendo uliwonse wa m'tauni inkasiya kanthu kena pamsewu, mwina chitsulo, mwina oyilo yense ikabooka pansi. Fumbi la m'nyanja, lija losalala lamchere, linkalowa paliponse.

Kenako kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, galimoto n'kumakana kuthamanga. Achimwene anaikokera kwa makaniko wa ku Songani, bambo amene amadzutsa maminibasi akufa ndi hamala ndi waya. Iye anatsegula boneti, anayang'ana, n'kutsekanso bwinobwino. Anati imeneyo imalankhula ndi kompyuta, iye chilankhulo chake sachidziwa. Wa kompyutayo anali ku Blantyre, ndipo kuti abwere pankafunika thiransipoti yake, chakudya chake ndi malipiro ongoyang'ana, asanagwire n'sipanala yomwe. Maukonde a abambo anapita choncho. Mbuzi za amayi zinatsatira, imodziimodzi. Mpunga umene tinakolola kusikimu ya Likangala, woti utifikitse ku dzinja, unakwera lole usanalowe n'komwe m'nyumba.

Okwera nawonso kunalibe. Munthu wa thumba la ufa ndi mwana kumsana angakwere bwanji chinthu chotero? Onse ankapita ndi anyamata a kabaza, otchipa, onyamula chilichonse. Galimoto ya achimwene inkafunidwa ndi akwati ndi anyamata ofuna kujambulitsa atatsamira boneti, ndipo ojambulitsa salipira. Padoko anaipatsa dzina loti mkazi wachiwiri. Kuchikamwini kwawo akazi awo, alamu anga, anatopa nazo, anati mkazi mnzawoyo achoke pakhomo pawo. Ndiye inabwera kudzakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amayi, ndipo posakhalitsa achimwene anaitsatira ndi kachikwama ka zovala.

Giyabokosi itafa, inafa ndithu. Galimoto inakhala pansi pa mango paja, nkhuku n'kumabisala dzuwa kunsi kwake. Wa kompyuta uja ananena pafoni kuti sipeya yake m'dziko muno mulibe, iyenera kuchokera kunja, ndipo mtengo umene anatchula unali woti pakhomo pathu panatsala chinthu chimodzi chokha chokwanira. Ndinadziwa kuti abwera. Anabwera masana, ndikupeta mpunga wa eni ake waganyu, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za kutentha.

"Nenani chimene mwabwerera, achimwene," ndinatero.

"Ikangokonzedwa ndiigulitsa, chemwali. Yakufa palibe angaigule. Tikaigulitsa tidzagula injini ina, yatsopano, yoposa iyi."

"Munalumbira."

"Ndinalumbira nyanja ikadali ndi chiyembekezo. Tayang'ana uko. Injini yopanda madzi ndi chitsulo chabe."

"Galimoto yopanda giya ndi khola la nkhuku. Mukakhudza chitseko changachi ndikuwa kuti kwabwera wakuba, ndipo sindidzachita manyazi."

Anadzuka n'kuchoka. Ndinaona kuti thalauza lawo lamangidwa ndi chingwe chifukwa lamba anali atasiya kugwira, ndipo zinandipweteka, koma sindinawaitane.

M'mawa mwake kunabwera amayi. Iwo sakonda kulowa m'nyumba za ana awo, amathera pakhonde, koma tsiku limenelo analowa n'kukhala pamphasa moyang'anizana ndi injini. Anati mwana wawo wasiya kupita kumzikiti Lachisanu chifukwa anthu amamufunsa za mkazi wachiwiri. Anati sakudya, amangokhala m'galimoto muja atatseka zitseko, dzuwa lili pamutu, manja ali pachiwongolero.

"Amayi, madzi abwera," ndinatero. "Abambo ankanena. Akabwera tilibe injini, ana angawa adzadya chiyani?"

"Abwera liti?"

"Sindikudziwa, koma abwera."

"Amene ankanena zimenezo ali kumanda. Ine ndikuona wamoyoyu akutha ndikuyang'ana. Ine ndinabereka munthu, mwanawe, sindinabereke injini."

Ndinawauza zonse zimene zinali mumtima mwanga, zina zosayenera kuuza mayi wako. Ndinati mwana wawoyo anamulera ngati dzira, ndiye tsopano tonse tikudya makoko. Nditamaliza anadzuka, anapita kuseri kwa chitseko, n'kuvundukula chitenje chija ndi manja awo. Kwathu kuno mbumba ikakangana amaweruza ndi mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndi amene ankafuna injiniyo. Pamwamba pake panali amayi, ndipo amayi anali atanena. Ndikanakasuma kwa yani? Injini inatuluka pa njinga, amuna awiri ataigwirira, kupita kwa mkulu wa golosale uja. Ine ndinatsala ndi chitenje ndi banga la oyilo pansi.

Sipeya inachedwa kufika. Pamene inkafika n'kuti mitambo itayamba kusonkhana pa phiri la Zomba madzulo alionse. Galimoto inadzuka, inabangula, achimwene n'kumeta ndevu n'kupita kumzikiti. Za kuigulitsa anati tidikire pang'ono, iyambe yabweza zimene inadya. Ndiye kunabwera anthu a ku Chisi, anali ndi ukwati, ankafuna mkwatibwi akafike pa galimoto yofiira.

Ndinawapeza akuipukuta m'mawa wa ukwatiwo. Ndinawauza kuti mtsinje wa Likangala wayamba kutsika ndi madzi ofiira, kutanthauza kuti kumtunda mvula yagwa kale. Iwo ndi mwana wa panyanja, ankadziwa kuposa ine mmene dothi la makande limachitira likalawa madzi.

"Ndibwerako lero lomwe, chemwali. Dzuwa likamapendeka ndili pano."

Mvula inagwa masana, anthu akudya mpunga wa ukwati. Sinali yambiri, koma inakwana. Pansi pa nyanja panasanduka phala. Achimwene anaisiya galimoto pansi pa mlambe, pakhomo pa abale a mkwati, n'kubwerera wapansi. Anafika matope ali m'mawondo, nsapato zili m'manja, makiyi atawamangirira m'khosi. Anati dzuwa likangowomba masiku ochepa pauma, akaitenga.

Sipanaume. Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati ikubweza ngongole ya zaka zonse. Madzi anafika m'kakolo, kenako m'mawondo, kenako m'chiuno. Padoko panali chisangalalo, amuna akumata maboti ndi phula, akazi akukonza matandala oyanikapo matemba, anthu amene anathawira ku Mozambique ndi m'matauni akubwerera. Mkulu wa golosale anatulutsa nkhuni zake zija pansi pa chisakasa, limodzilimodzi. Boti lathu lija analipaka utoto wobiriwira. M'mawa wina ndikutunga madzi pamjigo ndinamva injini ikuyamba kudoko. Inatsokomola, inakhala ngati yazima, kenako inadzuka mwaukali. Ndinatula ndowa pansi n'kulira pamaso pa amayi anzanga, ndipo palibe anandifunsa chifukwa.

Kuyambira pamenepo timaimva tsiku lililonse. Amayi ikangoyamba amapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusinja, ngakhale mumtondo mulibe kanthu kofunika kusinja. Ine ndi amayi sitinakambiranepo za tsiku lija injini inatuluka m'nyumba mwanga. Mwana wanga wamkulu anasiya sukulu, amayanika matemba a eni ake padoko. Achimwene amakoka khoka la anthu ena, n'kupatsidwa kambale ka nsomba ngati mnyamata wongoyamba kumene. Anthu ogula zitsulo zakale anabwerapo, anati akhoza kuiphwasula galimotoyo pachilumba pomwepo n'kuolotsa zidutswa, atipatseko kenakake. Achimwene anakana. Anati galimoto yabwinobwino, ya giyabokosi yatsopano, saiphwasula.

Mwezi ukatha amapita kukaiona. Ulendo wina ndinapita nawo, sindikudziwa chimene ndinkafuna. Boti limene linali pamzere tsiku limenelo linali lobiriwira lija. Tinakhala pathabwa limene abambo anakhoma, pakati pa matumba a ufa. Woyendetsa, mkamwini wa mkulu wa golosale, anakoka chingwe, injini n'kutsokomola. Ndinaona dzanja la achimwene likunyamuka lokha kupita kumene kunali injiniyo, monga linkachitira kale pofuna kuithandiza kudzuka, kenako linabwerera pamwendo pawo. Wotolera ndalama atafika pa ife anazengereza pang'ono, akuyang'ana kumbali, koma anatambasula dzanja. Ndinalipira ya anthu awiri.

Galimoto tinaipeza pansi pa mlambe pomwe paja. Matayala onse anali ataphwa, mimba yake tsopano itakhaladi pansi. Kufiira kuja kunali kutafwifwa. Eni khomo anali atayanika makaka a chinangwa paboneti, ndipo atationa anawachotsa mofulumira n'kupepesa. Anatiuza kuti makoswe alowamo, amawamva akutafuna mawaya. Achimwene anatsegula chitseko ndi kiyi wa m'khosi uja, anakhala pampando, n'kupotokola. Sipanamveke kanthu, ngakhale kanyali kachikasu kaja sikanayake.

"Ndi batire chabe," anatero. "Uli ndi kansalu, chemwali?"

Ndinali nditamanga m'chiuno chitenje chija chinkakulunga injini. Ndinachimasula n'kuwapatsa. Anapukuta galasi lakutsogolo, anapukuta magetsi, anapukuta ndi zitosi za mbalame padenga, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa mwana wodwala. Atamaliza anaima n'kuyang'ana kunyanja, kumene tinachokera. Madzi anali ponseponse mpaka kumene maso amalekezera, mabwato a asodzi ali mbwee.

"Nyanjayi imaphwa," anatero. "Abambo ankanena, imachoka ndithu. Ikadzangochoka ndidzabwera ndi batire ndi matayala, tidzaitulutsa. Waona pamene pafika madzi chaka chino? Akuoneka ngati ayamba kutsika."

Ndinayang'ana. Madzi anali atamiza miyala imene tinkaponda potsika boti kale, ndipo ankanyambita mizu ya mitengo ya m'mphepete. Dera lonse, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, anthu amapempha kuti nyanja isachokenso, ndipo ana anga amadya chifukwa ilipo. Mwini mbumba wathu yekha ndi amene amadzuka m'mawa kukayang'ana ngati yayamba kuuma.

Mphamvu yokangana nawo inandithera kalekale. Kudoko injini ya abambo inatsokomola, kuitana okwera obwerera ku Kachulu. Ndinafunyulula mfundo ya pampango wanga kuona ngati yobwererera ikwana tonse awiri, n'kuwauza achimwene kuti akhome galimoto yawo tizipita, boti la eni ake silidikira.